Funsani Achimwene a ku Joni: Kodi Carlton ya agogo ndi yomweyi?

Funso: Achimwene, malemu agogo anga ankanyadira kuti m'zaka za m'ma 1950 anali woperekera zakudya ku Carlton Hotel. Ine ndafika kuno chaka chatha, ndipo ndikadutsa m'tauni ndimaona chinyumba chotsekedwa pafupi ndi Carlton Centre. Kodi ndi momwemo? Komanso pali mkulu wina akuti hotelayi itsegulidwanso, ndimupatse kangachepe andilembetse ntchito. Nditani? Wowerenga wa ku Rosettenville.

Yankho: Mlongo wanga, agogo sankanama, koma chinyumba mukuchionacho sadapondemo. Ma Carlton adalipo awiri.

Yoyamba idatsegulidwa mu 1906 mumsewu wa Eloff, ndipo maganizo oimanga adayamba ndi Barney Barnato, mpondamatiki wa migodi, ngakhale iye adamwalira isanamangidwe. Mfumu George VI ya ku Britain ndi banja lake adafikira mmenemo mu 1947. Ndiyo ya agogo imeneyo, nthawi imene munthu wakuda ankalowamo atanyamula thireyi, osati sutikesi. Idatsekedwa mu 1963 n'kugwetsedwa.

Yachiwiri idatsegulidwa mu 1972 ngati gawo la Carlton Centre, chinsanja cha nyumba zosanjikizana 50, chotalika mamita 223, chomwe kwa zaka zoposa 40 chinalibe nyumba ina yochiposa kutalika mu Africa muno. Eni ake a hotelayi anali a kampani ya migodi ya Anglo American, zipinda zinali zoposa 600, ndipo mu 1982 adaikuza pomanga Carlton Court kutsidya kwa msewu, n'kulumikiza ziwirizi ndi kamlatho ka m'mwamba.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mbiri ya dziko lino ili m'makoma amenewo. Pa 14 September 1991 atsogoleri andale Nelson Mandela, FW de Klerk ndi Mangosuthu Buthelezi adakumana mmenemo pa mgwirizano wothetsa ziwawa wa National Peace Accord. Pa 2 May 1994 a chipani cha ANC adavinira mmenemo atapambana chisankho. Koma ufulu ukufika, ndalama zinali zikusamuka. Makampani adathawira ku Sandton ndi ku Rosebank, umbanda udakula m'tauni, alendo adayamba kuopa kugona pakati pa mzinda. Pofika 1998 zitseko zonse zinali zotseka. A Transnet, kampani ya boma ya njanji ndi madoko, adagula malo onsewo mu 1999, koma hotela sidadzukenso. Masitolo a pansi pa Centre okha ndiwo akadali piringupiringu. Inenso nsapato za ana ndimagula komweko.

Tsono za mkulu wanuyo. Nkhani yoti Carlton ikonzedwanso ndidaipeza nditangofika kuno, tsitsi lisanachite imvi, ndipo imabwera n'kupita ngati mvula ya chizimalupsa. Nyumba yokhala zaka zoposa 25 osagonamo mlendo imafuna mapaipi, mawaya a magetsi ndi zikepe zatsopano munthu asanaganize zolemba ntchito woyala bedi. Ikadzatsegulidwa mudzaona amisiri pamalopo kwa miyezi yambiri, ndipo nyuzipepala zonse zidzalemba.

Musamupatse ngakhale randi imodzi, ndipo pasipoti yanu asaigwire. Hotela yeniyeni silipiritsa munthu pomulemba ntchito. Ngati mtima uli pa ntchito ya agogo, konzani mapepala anu, mukasiye CV nokha ku mahotela a ku Sandton, Rosebank kapena a kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, kumene alendo akugona lero.