Musaipale Mosin yanuyo, achimwene

Achimwene ena amene akukhala ku America anditumizira imelo. Akuti agula mfuti ya Mosin-Nagant 91/30 ya 1943 kwa wogulitsa wovomerezeka, koma yafika ili phalaphala girizi, mtengo wake wogwirira uli ndi zipsera ndipo vanishi akusupuka. Akufunsa ngati kuli bwino kuupala mtengowo ndi sandipepala n'kupakanso vanishi watsopano kuti mfutiyo iwale.

Chonde achimwene, musatero. Yambani mwayang'ana pamwamba pa mpope, pomwe palembedwa chakacho. Mukaona kachidindo ka muvi mkati mwa makona atatu, ndiye kuti inapangidwa mumzinda wa Izhevsk ku Russia. Muvi ukakhala mkati mwa nyenyezi, ndi ya ku Tula, mzinda wina wa ku Russia komweko. Ndikuganiza kuti yanuyo ndi ya ku Izhevsk, chifukwa kumapeto kwa 1941 asilikali a Germany atayandikira Tula makina a kufakitale ya kumeneko anawasamutsa, ntchito yaikulu yopanga mfutizi n'kutsalira Izhevsk. N'chifukwa chake mfuti zambiri za 1942 ndi 1943 zili ndi mizere yamakina yokhakhala pachitsulo. Nthawi yosalaza kunalibe, nkhondo inali pakhomo. Mizere imeneyo, zidindo zing'onozing'ono za pamtengo, ngakhale vanishi wofiirira uja wa shellac, ndiwo umboni wa kumene mfutiyo yadutsa. Sandipepala amafufuta zonsezi ndipo sizibwereranso. Osonkhanitsa mfuti akaona mtengo wopalidwa amatsitsa mtengo wogulira pomwepo.

Onaninso manambala: pampope, pa bolt (chitsulo chokoka chija chimene chimalowetsa chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwa mpope), pansi pa kabokosi ka zipolopolo zisanu, ndi pachitsulo chotsamira paphewa. Mukapeza nambala ina yokhwatchidwa n'kulembapo ina, musadandaule. Nkhondo itatha, Soviet Union inaphwasula mfuti zochuluka, kuzikonza, kuzimata girizi n'kuzisunga m'mabokosi.

Giriziyo ndiye chotsani ndithu. Dzina lake ndi cosmoline. Onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, kenako lekanitsani zitsulo ndi mtengo. Zitsulo tsukani ndi palafini, makamaka mkati mwa bolt ndi mmene mumalowa chipolopolo, poti girizi wouma akatsalira mmenemo bolt imakanirira mukawombera kangapo. Mtengo uikeni padzuwa, girizi azituluka yekha ngati thukuta, inu muzipukuta ndi nsanza. Zimatenga masiku. Spiriti musayandikize, amasungunula shellac.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri sichinali m'funso lanu. Zipolopolo zakale zausilikali za mfuti imeneyi, za 7.62x54R, zotchipa zija, zili ndi kapsulo (kachitsulo koyatsa onga kumbuyo kwa chipolopolo) kamene kakaphulika kamasiya mchere wa potassium chloride mumpope. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo kukakhala konyowa dzimbiri limayamba pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. Chimasungunula ndi madzi. Tsiku lomwe mwawomberalo, thirani madzi otentha kuchokera kumbuyo kwa mpope, pukutaninso kumaso kwa bolt, umitsani bwinobwino, kenako mupake timafuta pang'ono. Mipope yambiri yokumbika imene mungaione inawonongeka chifukwa eni ake anati titsuka mawa.

Musanawombere ulendo woyamba, pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti akayeze ngati bolt ikutseka moyenera. Mfutiyi yapitirira zaka 80 ndipo zitsulo zake mwina zinachokera ku mfuti zingapo. Isungeni pamalo ouma, okhomedwa, osati m'chikwama chansalu chomwe chimasunga chinyezi. Ndipo ngati mukuganiza zodzabwera nayo kumudzi, yambani mwafunsa apolisi za chiphaso, chifukwa mapepala a ku America sagwira ntchito ku Malawi.