Amalume, asadule kaye katalitiki ya Sienta ija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kunsi kwa galimoto, manja ali bii ndi oyilo. Chithunzi mwatumiza pagulupu chija ndachiona, nambala ya vuto yomwe kompyuta ya galimoto yaonetsa ndi P0420, ndipo ndamva kuti amakaniko anuwo akuti katalitiki, kabokosi koyeretsa utsi kali pa paipi ya ekizozi kaja, yatha, angoidula n'kuwotchererapo paipi. Ine ndikupempheni chinthu chimodzi: asadule kaye. Kudula ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma kubwezeretsa ndi ndalama zoti mungalire nazo.

Nambala imeneyo sikunena kuti katalitiki yafa ayi. Kompyuta ya galimoto siona m'kati mwake. Imangomvera masensa awiri omwe ali pa paipi ya ekizozi, ina kutsogolo kwa katalitiki, ina kumbuyo. M'kati mwa katalitikimo muli ngati chisa cha njuchi, timabowo ting'onoting'ono topakidwa platinum, palladium ndi rhodium, ndiye utsi ukamadutsa mmenemo umayeretsedwa. Ikakhala yamoyo, sensa yakumbuyo imawerenga modekha, cha m'ma 0.6 kapena 0.7 volts, osagwedezeka kwenikweni. Ikayamba kudumphadumpha, mwina 0.1, mwina 0.9, kompyuta imati aaa, utsiwu ukutuluka mmene unalowera, n'kuyatsa nyali yochenjeza za injini ija ya pa dashibodi. Basi. Chimene chachititsa, iyo sikuuzani.

Ndiye amakanikowo muwauze awerenge manambala onse, osati imodzi yokhayo. Ngati pali P0300 mpaka P0304, injini ikuphonya, mwina pulagi kapena koilo. Petulo wosapsa amapita kukapsera m'katalitiki, ndipo n'zimene zimaipha kawirikawiri. P0171 kapena P0172 ndiye kuti mpweya ndi petulo sizikusakanikirana bwino. Zimenezo zikonzedwe choyamba.

Chachiwiri mukhoza kuchita nokha mawa m'mamawa, injini isanatenthe. Muilize panja, osati m'galaja motseka, mwana wina atseke kumapeto kwa ekizozi ndi kansanza kwa masekondi ochepa, inu mumvetsere kunsi. Mukamva kuti tsii tsii, pali kabowo. Muyang'anenso mwaye wakuda polumikizira mapaipi. Ndi mmene misewu yathu ilili, kungogunda hampu kamodzi gasiketi imatha kuphwasuka. Kabowo kotere kakakhala pafupi ndi sensa kamayamwa mpweya wakunja, sensa n'kuwerenga zolakwika. Ndinalandirapo galimoto ina imene pagalaja ina anaisintha sensa kawiri konse, mwini wake atatopa nayo, koma vuto linali mng'alu waung'ono ngati chikhadabo. Tinawotcherera, nyali osabweranso.

Za sensazi ndinenepo, chifukwa mwina akuuzaninso kuti mugule yatsopano. Sensa yakumbuyo ikakalamba nthawi zambiri imachita ulesi, sidumpha. Ikamadumpha mwachangu ndiye kuti ili moyo, ikungonena zimene ikuona. Choncho musagule mwachimbulimbuli. Ayendetse galimoto mphindi 15 kapena 20 itenthe bwinobwino, alumikize makina awo owerengera mavuto a galimoto aja kunsi kwa chiwongolero, aponde mafuta injini ifike pa 2,500 rpm, n'kuyang'ana mzere wa sensa yakumbuyoyo. Ngati makina awo sangaonetse zimenezi, amangowerenga nambala n'kufufuta, pitani kwa ena.

Tsopano mundiyankhe zoona, amalume: oyilo mumawonjezera kangati musanafike pa sevisi? Ma Sienta akalewa, injini ya 1NZ ija, akayenda makilomita ambiri amayamba kudya oyilo, ndipo phulusa lake limamata timabowo tija. Muone ngati m'mamawa mukutuluka utsi wabuluu. Madzi a mu radiator nawonso, akamachepa popanda pomwe akudontha, mwina akupsera m'injini, ndipo nawo amawononga katalitiki. Petulo wa lead ndiye musamudandaule, anasiya kugulitsidwa kuno kuyambira 2006. Koma wa m'zigubu uja mumagula mafuta akasowa, eee, ameneyo simudziwa chimene anathiramo. Sindikukudzudzulani ayi, tonse tinagulapo.

Katalitikiyo ikazizira, aigogode pang'ono ndi chibakera. Ikamalira ngati timiyala m'chitini, chisa chija chasweka, pamenepo palibenso zokambirana. Chimodzimodzi ngati galimoto ikulephera mphamvu pachitunda. Paja munati ulendo wathawu inakwera bwanji Khwekhwerere? Ngati mumaponda mpaka pansi iyo ikungofwenthera, mwina katalitiki yatsekeka. Fungo ngati la dzira lovunda ndi chizindikironso.

Nanga bwanji ndikukana zodulazo? Akadula, nyali sizima, chifukwa sensa yakumbuyo izionabe utsi wosayeretsedwa. Ndiye nyali ikakhala yoyaka chaka chonse, tsiku lina likadzabwera vuto lenileni simudzadziwa. Utsi nawo umanunkha kwambiri, ndipo inu mumanyamula adzukulu kumpando wakumbuyo. Komanso, mundikhululukire amakaniko anuwo sindikuwadziwa, koma zitsulo zili m'katimo n'zodula kwambiri, pali anthu amagula makatalitiki akale. Munthu akamafulumira kunena kuti tidule asanayeze kalikonse, ine ndimayamba ndafunsa kuti chodulidwacho chipita kuti. Ngati yafadi, mugule ina, koma yakaleyo akupatseni m'manja, ndi yanu. Ndipo muyambe mwakonza chomwe chinaipha, apo ayi yatsopanoyo idzatsatira inzake.

Pakadali pano kuyenda mukhoza kuyenda, bola nyali ikungoyaka chiyakire ndipo mphamvu ilipo. Koma ikayamba kuphethira, imani, musakakamize, chifukwa pamenepo injini ikuphonya kwambiri, katalitiki imatha kutentha mpaka kusungunuka m'kati. Akafufuta nambala musasangalale msanga, kompyuta imadikira maulendo angapo isanayatsenso, ndiye muione kwa sabata.

Mukapita Loweruka, mutenge vidiyo ya sikirini ya makinawo injini ili pa 2,500, masekondi 30 okha, munditumizire pompano, ndiona. Muonenso oyilo lero lomwe mundiuze pomwe wafika pa kandodo. Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze ufa uja unafika.