Funsani Aphungu: Tinafotokoza Zonse Tsiku Limodzi, Bwanji Sitikuchira?

Aphungu, ine ndi mayi wa ana atatu ndipo ndinali voluntiya pa kampu madzi osefukira atatikokolera nyumba ndi abale. Sabata yoyamba yomweyo kunabwera alendo ena ake, anatisonkhanitsa tonse nkutiuza kuti aliyense afotokoze zomwe anaona usiku umenewo, ati ukalankhula zimachoka mumtima. Anthu analira koopsa, alendowo anapita ndipo sitinawaonenso. Pano patha miyezi 8 koma mlongo wanga amene anaona mwana wake akupita ndi madzi sagona, kukangogunda bingu amathawira panja, wayamba mowa ndipo ntchito anasiya. Ali choncho ndi ambiri. Kodi chithandizo chenicheni chilipo? Nanga ife anthu wamba tingachiphunzire, poti madokotala a maganizo nde sitiwaona?
Mayi wodandaula

Mayi, pepani kwambiri, ndipo zikomo kuti pomwe nanunso munali pachisoni munaima nkumathandiza anzanu.

Ndiyambe ndi alendo aja chifukwa nkhaniyi imandipweteka. Mwina anabwera ndi mtima wabwino, koma zoti anthu asonkhanitsidwe ngozi itangochitika nkuuzidwa kuti afotokoze zonse kamodzi basi, zimene akatswiri amazitcha debriefing, zinayesedwa kangapo ndipo zinapezeka kuti siziteteza munthu kudwala maganizo, ena mpaka zimawaonjezera ululu, nchifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti zisamachitike. Kuli ngati kutsegula bala nkuchokapo osalimanga. Masiku oyambirira munthu amafuna zinthu zooneka zazing'ono, malo otetezeka, kudziwa komwe kuli abale ake, wina womumvetsera ngati iye mwini wafuna kulankhula, osati kumukakamiza ayi. Buku la WHO la 2011 la chithandizo choyamba cha maganizo linaziika m'mawu atatu, yang'ana, mvetsera, lumikiza munthuyo ndi abale ake komanso chithandizo.

Anthu ambiri amayamba kupezako bwino paokha pakapita masabata, makamaka ngati ali ndi abale pafupi komanso moyo wayambanso kuyenda. Koma si onse. Mu 2019 WHO inawerengera kuti m'madera amene munadutsa nkhondo, munthu mmodzi mwa asanu aliwonse amakhala ndi vuto la maganizo monga dipuleshoni, nkhawa yopyola muyezo kapena PTSD, lomwe ndi vuto la maganizo lotsalira munthu akadutsa m'zoopsa. Zimene mwafotokoza za alongo anuzo, kudzidzimuka ndi bingu, kusagona, kuthawa chilichonse chowakumbutsa, zikapitirira mwezi umodzi nkumamulepheretsa munthu kugwira ntchito, timaganizira PTSD, ngakhale kuti wotsimikiza ndi wachipatala amene wawaona maso ndi maso. Si kufooka ndipo si misala. Ubongo umakhala ngati alamu yomwe inalira usiku uja nkukanika kuzima, nde ukamva bingu umati madzi abweranso, ndipo munthu akamathawa zomukumbutsa amapumako pang'ono koma alamu ija siiphunzira kuti ngozi inatha, mowa nawo umangoigonetsa kwa maola ochepa mmawa nkudzukanso ndi mphamvu.

Chithandizo chilipo ndithu. Chimene chili ndi umboni wamphamvu ndi uphungu wolunjika pa zoopsazo, monga CBT, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe, ndi EMDR, pomwe munthu amakumbukira zoopsazo uku akuyendetsa maso motsogozedwa ndi phungu. Mwina mufunsa kuti nanga si kufotokoza komweko? Kusiyana kwake nkwakukulu. Apa munthu amakumana ndi phungu yemweyo sabata ndi sabata, amayamba waphunzira kukhazika thupi pansi, kenako amayandikira nkhani ija pang'onopang'ono, nkumaunika maganizo omwe amamumanga monga akuti ndikanamugwira mwamphamvu mwana wanga sakanapita. Maganizo odziimba mlandu amenewa ndi amene amasunga makolo ambiri mumdima, ndipo samasuka tsiku limodzi pagulu la anthu 200.

Tsono funso lanu lachiwiri ndi limene landisangalatsa. Inde, anthu wamba angathe, ndipo si zongolimbikitsana, zinayesedwa. Kummawa kwa dziko la DRC anayesa uphungu wa pagulu wotchedwa CPT pa kafukufuku wa amayi 405 amene anagwiriridwa, opereka uphunguwo sanali madokotala koma othandiza a m'madera momwemo, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2013 zinaonetsa kuti patatha miyezi 6, amayi 9 okha pa 100 aliwonse amene analandira uphunguwu ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za PTSD, pomwe mwa amene anangolandira chithandizo wamba anali 42. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki nkumathandiza anthu odwala maganizo kumasula mavuto awo limodzi limodzi, ntchito yotchedwa Friendship Bench. WHO nayo ili ndi pulogalamu ya PM+ yomwe inayesedwa ku Peshawar m'dziko la Pakistan ndi ku Nairobi, munthu amakumana ndi womuthandiza kasanu kokha, kamodzi pa sabata, nkuphunzira kupuma mwapang'onopang'ono, kusankha vuto limodzi lomwe angalithe, kuyambiranso tintchito tomwe anasiya komanso kubwerera kwa anthu.

Koma pali pomwe zimafera nthawi zambiri. Anthu amaitanidwa ku tirening'i ya masiku awiri, amapatsidwa satifiketi, basi zathera pomwepo. Konse komwe zinayenda kuja ophunzitsidwawo anali ndi supavaiza amene amakambirana nawo pafupipafupi za anthu omwe akuwathandiza, kuwakonza akalakwitsa, nkuwasamala iwo eni poti kumva zoopsa tsiku ndi tsiku kumatopetsa mtima. Nde bungwe likabwera kuti likuphunzitseni, musachite manyazi, funsani kuti njira yake ndi iti ndipo inayesedwa kuti, adzatiyang'anira ndani mukapita, nanga munthu akatikulira timutumiza kuti. Akasowa poyankha dziwani kuti ndi alendo aja abweranso.

Alongo anuwo mupite nawo kuchipatala sabata ino, mukanene zonse kuphatikiza mowawo. Muwafunsenso mosabisa ngati amaganiza zodzipha, kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu, ndipo akati eya musawasiye okha, chotsani zingwe ndi mankhwala oopsa pafupi nkupita nawo tsiku lomwelo.

Aphungu, chichitikireni ngozi ya basi yomwe inapha anzanga sabata ziwiri zapitazo sindikugona. Mnzanga akuti ndigule mankhwala ogonetsa a diazepam. Ndigule?
Mnyamata wosowa tulo

Achimwene, musagule. Malangizo a WHO a 2013 amati mankhwala a mtundu umenewu asaperekedwe chifukwa cha kusowa tulo kapena mantha mwezi woyamba ngozi itachitika, sachiza vutolo ndipo thupi limawazolowera msanga, kuphatikiza ndi mowa nde ndi oopsa zedi. Sabata ziwiri kusagona nkwachibadwa pa zomwe mwaonazo. Muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, musiye kuonera mavidiyo a ngoziyo pa foni, khalani pafupi ndi anthu amene mumawakhulupirira. Mwezi ukatha zisanasinthe, kapena zikakula usanathe, pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi woona za maganizo.