Esinati, Towera kapena Mphatso? Yankho kwa mayi wa ku Area 25

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo wandilola kuti ndimuyankhire pano poti nkhani yake ili m'makomo ambiri. Ndiifupikitsa. Mayiyu ndi woyembekezera, masiku ayandikira, ndipo atamuunika kuchipatala anamuuza kuti ndi mwana wamkazi, woyamba m'banjamo. Iye akufuna kumutcha Esinati, dzina la malemu agogo ake amene anamulera ku Mitundu mayi ake atamwalira. Bambo a kunyumba, omwe kwawo ndi ku Rumphi, akufuna dzina la mayi awo, Towera, ndipo mayiwo ali moyo. Palinso dzina lachitatu limene awiriwa analikonda akadali pa chibwenzi, Mphatso. Tsono mkulu wa mayi woyembekezerayu amene amakhala ku Manchester wamuuza kuti Esinati ndi dzina lachikale loti anzake azidzamuseka nalo kusukulu, komanso kuti azungu salitha dzina loti Mphatso, amangoti "Mfatso". Kalatayo yatha ndi mafunso awiri: "Kodi ndilakwa ndikangosankha dzina lachizungu losavuta kutchula, kuti mwanayu asadzavutike akadzapita kunja? Nanga apongozi ndiwatani kuti asakhumudwe?"

Achemwali, choyamba ndikufunirani zabwino zonse, muchire bwino inu ndi mwanayo. Ndiyamba ndi nkhawa ya azungu ija, chifukwa mwa zonse zimene mwalemba ndiyo yopepuka.

Akulu anu sakunama. Mzungu akaona zilembo ph amawerenga ngati f, pomwe ife timatchula p wotulutsa mpweya, monga mu phala kapena phiri. Thoko naye amamutchula ataluma lilime, ndipo m woyambirira wa Mphatso kapena Mtendere amawasowetsa pogwira. Koma ili ndi vuto loti munthu umamukonza kamodzi kapena kawiri, basi wadziwa. Temwa Chawinga anapita ku America ndi dzina lake la Chitumbuka, mu 2024 anagoletsa zigoli 20 ku timu ya Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, ndipo owulutsa mpira a kumeneko amalitchula dzinalo sabata ndi sabata. Mwai Kumwenda wasewera netball ku Australia zaka zambiri, ndipo mu 2015 ku Sydney ndiye anasankhidwa wopambana pa mpikisano wa dziko lonse. Atsikana amenewa sanasiye mayina awo pabwalo la ndege ku Lumbadzi. Amene amafuna kuwaitana anaphunzira.

Funso limene ndikufuna mudzifunse ndi ili: dzinali lidzakhala m'kamwa mwa ndani kwambiri? Ulendo wa kunja mwina udzachitika, mwina ayi. Koma n'zodziwikiratu kuti mwanayu adzaitanidwa kusikelo, ku Sande sukulu, pa mpanda wa anansi ku Area 25, ku Mitundu pa maliro ndi pa ukwati, ku Rumphi pa Khirisimasi. Omuitana adzakhala azakhali, agogo, mtsikana womulera, aphunzitsi a sukulu ya mkaka. Mukamutcha Charlotte, kumudzi adzakhala Shaloti. Mukamutcha Scarlett, adzakhala Sikaleti, ndipo agogo ena adzalephereratu n'kumupatsa dzina lawolawo. Kupotoza dzina kumene mukukuopa ku Manchester kudzachitika pakhomo panu pomwe, tsiku lililonse, kuchokera kwa anthu amene amamukonda. Ine ndimawauza anthu kuti dzina lililonse limene mwaliganiza, imbirani foni munthu wamkulu kwambiri wa mbali zonse ziwiri, mulitchule kamodzi, mumve mmene akulibwezera. Mmene alitchulire iwowo ndi mmene mwana adzadziwikire.

Dzina la Esinati lomwelo linadutsa njira yomweyi. Linachokera m'Baibulo, pa Genesis 41:45, pamene Farao anapatsa Yosefe mkazi dzina lake Asenati, amene anadzabala Manase ndi Efraimu. Linafika kuno ndi mipingo, makolo athu analiumba m'kamwa mwawo mpaka linakhala lathu, monganso Estere, Velonika, Lusiya ndi Magireti. Zoti ndi lachikale n'zoona, ndipo ine ndikuona kuti ubwino wake ndi womwewo. M'kalasi imene muli a Precious atatu ndi a Favour anayi, Esinati adzakhala mmodzi yekha. Za kusekedwa, ana amapeza chosekera pa dzina lililonse, ngakhale la mwana wa nduna. Chimene chimamuteteza mwana ndi kudziwa chifukwa chake ali ndi dzinalo. Mtsikana amene angayankhe kuti "ndi dzina la agogo amene analera mayi anga ali amasiye" sagwetsa nkhope msanga.

Mayina amene ndimawaopa ine ndi ena. Makolo athu ankatcha ana Mavuto, Masautso, Misozi, Maliro, pamene ana akhala akumwalira motsatizana, kapena pofuna kuponyera mawu mkazi mnzawo kapena m'bale amene akumuganizira zoipa. Iwo anali ndi zifukwa zawo, ndipo sindiwaweruza, poti maliro a ana anali ochuluka masiku amenewo. Koma wina akandifunsa ngati angatche mwana Misozi polemekeza azakhali ake, ndimamuuza kuti awalemekeze ndi Chikumbutso kapena Chitonthozo, chisoni cha akale chisagwere khanda. Inu vuto limeneli mulibe. Esinati ndi dzina loyera, Towera limanena za kukongola, Mphatso aliyense akulidziwa.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa Towera, ndipo m'kalata yanu simunatchule chinthu chimodzi chimene ndikukhulupirira kuti chikukusautsani mumtima. Limeneli ndi dzina la apongozi anu, ndipo ali moyo. Mkamwini kapena mtengwa satchula dzina la apongozi, ndipo kumpoto mwambo umenewu amausunga kwambiri kuposa ife a m'tauni. Mayi wamkulu amaitanidwa ndi dzina la mtundu wake, NyaGondwe, NyaMkandawire, monga kwathu kuno timati Nabanda, Naphiri, Nankhoma. Tsono taganizirani zaka zitatu zikubwerazi. Apongozi abwera kudzacheza, akhala pa mkeka pakhonde akusenda nyemba, mwana wakwera pa tebulo akufuna kugwetsa fulasiki ya tiyi, inu mukuchokera kukhitchini mukufuula kuti "Towera, iwe, tsika msanga ndisakumenye!" Pakamwa padzakulemerani. Mabanja ambiri amathana nazo pomuitana mwanayo "Amama" kapena "Agogo", ndipo ndaonapo bambo wa ndevu zake akugwada kumanga nsapato za kamtsikana ka zaka zitatu uku akuti "Amayi, imani bwino". N'zokoma kuona, ndipo mayi wotchulidwayo amanyadira. Koma dziwani kuti zikatero dzina lenilenilo limangokhala la pa pepala, ndipo kawirikawiri mwana amathera ndi dzina lina losereula limene palibe analisankha.

Musaiwalenso kuti uyu ndi mwana woyamba. M'mabanja ambiri, ngakhale kuno ku chigawo chapakati kumene ana amawerengedwa a kuchikazi, woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna. Kwa anzathu a ku Rumphi, kumene amalowola, akuchimuna ali ndi mawu aakulu kwambiri. Choncho bambo a kunyumba akamaumirira, sikuti akunyoza agogo anu. Akudziwa kuti kwawo adzafunsidwa.

Nkhani yotere isakambidwe pa gulu la WhatsApp la banja, kumene alamu, asuweni ndi ana a sukulu aliyense amaponyapo lake. Bambo a kunyumba awaimbire mayi awo paokha, kapena apite ndithu ngati thumba likulola, awafotokozere kuti inu munaleredwa ndi ndani, ndipo awapemphe kuti iwowo ndiwo adzatche mwana dzina. Ulemu umene akulu amaufuna kwambiri ndi umenewu, wofunsidwa ndi wopatsidwa mpando. Mwa mwambo wathu dzina limaperekedwa mchombo ukagwa, mayi ndi mwana akamatuluka m'chikuta, ndipo wotcha dzina amaikapo kanthu, kaya nkhuku, chitenje kapena ndalama pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo amakhala wake mwapadera. Mayi amene wapatsidwa udindo umenewu, atauzidwa bwinobwino za gogo amene analera mwana wamasiye, n'kovuta kuti akane. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zikavuta, ankhoswe alipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi.

Mwandifunsa maganizo anga, ndiye nawa. Mwanayo akhale Esinati Towera, kenako dzina la bambo ake. Esinati likhale loitanira tsiku ndi tsiku, chifukwa mwini wake anapita ndipo mutha kulifuula pabwalo popanda manyazi. Towera lilembedwe lonse pa ziphaso zonse, osati kachilembo ka T kokha, ndipo akapita ku Rumphi amuitane nalo mmene angafunire. Mphatso lisungeni. Ubwino wa mayina athu ambiri ndi woti sasankha mnyamata kapena mtsikana, choncho lidzagwira ntchito pa wotsatira. Ngati akuchimuna anenetsa kuti Towera likhale patsogolo, musalimbane nazo mpaka kudwala. Dongosolo la mayina pa pepala silimuletsa mayi kuitana mwana wake ndi dzina lachiwiri.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma idzakupezani. Wina adzakuuzani kuti kutcha mwana dzina la malemu n'kuitana mzimu, kuti mwana adzatengera khalidwe kapena matenda a mwini dzina. Mipingo ina imaletsa ndithu, ndipo ngati wanu uli wotero kambiranani ndi abusa nthawi ikadalipo. Ine sindiona choopsa. Pa Luka 1, abale a Elizabeti anafuna kumutcha mwana Zakariya, dzina la bambo ake, ndipo anadabwa ndi dzina loti Yohane chifukwa panalibe wachibale wotchedwa choncho. Kutcha mwana dzina la m'bale ndi chinthu chakale pakati pa anthu opemphera. Chimene ndikupemphani ndi ichi: khanda likamalira kosatonthola, thupi litatentha kapena likukana kuyamwa, ena adzati "akukana dzina". Inu thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Za dzina mudzakambirana mwana ali bwino.

Tsopano za kalembedwe, zimene anthu amazipeputsa koma zimaliza ambiri patsogolo. Dzina la agogo anu limalembedwa Esinati, Esnath, Esnart, ngakhale Esinat. La apongozi ena amalemba Towera, ena Towela, chifukwa m'zilankhulo zathu l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, ndipo aliyense amalemba mmene wamvera. Pa malamulo a kalembedwe ka Chichewa r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu Pemphero, koma mlembi wotopa amene ali ndi mzere wautali kutsogolo kwake saganiza za malamulo. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata asanu ndi limodzi chibadwire, ndipo fomu yake nthawi zambiri imadzazidwa kuchipatala komweko, inu muli ndi ululu, wokudikirirani ndiye akuyankha mafunso. Lembani mayina onse ndi zilembo zazikulu pa kapepala, mukaike m'chikwama limodzi ndi zitenje ndi matewera, ndipo wokudikiriraniyo adziwe pamene kali. Ngati banja lisanagwirizane, funsani anamwino mmene mungadzalembetsere mukagwirizana, kusiyana n'kulembetsa dzina longoyembekezera.

Kalembedwe kamene kalowe pa chiphaso chakubadwa cha ku National Registration Bureau ndi kamene kayenera kukhala pa kabuku ka kusikelo, pa khadi la ubatizo, m'kaundula wa Sitandade 1, pa mayeso a MANEB, pa chiphaso cha unzika akadzakwanitsa zaka 16, mpaka pa pasipoti. Chilembo chimodzi chikasiyana, mwana amadzayenda m'maofesi ndi makalata olumbira atakula kale, nthawi zina ntchito kapena sukulu ikumudikira. Ngati mukuganiziradi za ulendo wa kunja, chimene chingamuvutitse kwambiri ndi chimenechi, kuposa lilime la mzungu. Samalaninso ndi dzina la pakhomo: mukayamba kumuitana Mphatso, tsiku lokalembetsa sukulu wina adzatchula limenelo, ndipo lidzalowa m'kaundula.

Mwana akadzalimba pang'ono, pitani naye ku Mitundu kwa abale a agogo amene atsala. Afunseni kuti dzina la Esinati anawatcha ndani, mfunda wawo unali wotani, ankalima chiyani, ankakonda nyimbo iti, ndipo mujambule mawu awo pa foni, chifukwa anthu odziwa zimenezi akutha. Koma musanachire, tumani munthu akafufuze khadi la mpingo la agogowo. Ngati anali a CCAP, amayi a Chigwirizano kapena mlembi wa mpingo akhoza kukuthandizani kupeza pamene dzina lawo linalembedwa. Mukalipeza, tengani kalembedwe komweko.