Office yakana kulowanso mu laputopu: musathamangire kufomata

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mphunzitsi wina wa pa sekondale m'boma la Mchinji. Dzina lawo ndasunga, ndipo kalatayo ndaidulako:

"Ndinagula laputopu ya kaunjika ku Lilongwe chaka chatha, ili kale ndi Windows 10 komanso Office. Mwezi wathawu Word inayamba kuonetsa mzere wofiira pamwamba, wolembedwa kuti Product Activation Failed, ndipo kenako inasiya kundilola kutayipa. Ndinaichotsa mu Control Panel kuti ndiikenso. Mwana wa achimwene anga ananditumizira fayilo ya OfficeSetup.exe, koma ndikaitsegula imayenda pang'ono n'kuima, n'kutulutsa nambala iyi: 30088-1015. Ndayesa kanayi, mabandulo atatu apita. Mnzanga anandibwereka fulashi ya Office 2016, nayonso yakana, akuti muli mapulogalamu a 32-bit. Mayeso ayandikira, mapepala sindinatayipe. Kodi ndingofomata?"

Ayi amadamu, musafomate. Komanso kafayilo ka mwana wa achimwene anuko musakatsegulenso kachisanu, mukungotungira madzi m'dengu. M'kalata yanuyi muli mavuto atatu amene akolana ngati nsinga, ndipo lalikulu mwa onsewo kufomata sikungalikhudze n'komwe.

Poyamba mtima ukhale pansi: kuchotsa Office sikufufuta zimene munalemba. Ma scheme anu, mapepala a mayeso a chaka chatha, ndandanda ya malikisi ya mu Excel, zonse zili pomwe munazisiya. Komabe musanakhudze china chilichonse, zikopereni pa fulashi. Ngati munkagwiritsa ntchito Outlook, lowani mu Documents muone ngati muli foda ya Outlook Files, mukopenso mafayilo othera ndi .pst, chifukwa makalata akale amakhala m'menemo.

Tsopano funso limene anthu ambiri salifunsa mpaka zinthu zitavuta: Office inali mu laputopuyo inali ya yani? Office si yaulere. Pali yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, imene pano imatchedwa Microsoft 365. Pali yogula kamodzi ya kompyuta imodzi, monga Office 2021 kapena Office 2024, yobwera ndi kiyi ya zilembo ndi manambala 25. Kiyiyo imalowetsedwa kamodzi, n'kumangiriridwa ku akaunti ya Microsoft ya amene wagulayo, moti tsiku lofuna kuikanso umangolowa mu akauntiyo n'kutenga. Ndiye pali ya makampani ndi mabungwe akuluakulu, yogulidwa chipiku, imene kawirikawiri dzina lake limakhala Professional Plus. Iyi nthawi zambiri imatsimikizidwa kudzera pa seva ya kampaniyo, njira yotchedwa KMS, ndipo chilolezo chake chimakhala cha masiku 180 okha. Masikuwo asanathe kompyuta iyenera kulonjerananso ndi sevayo.

Malaputopu ambiri a kaunjika amene ndawatsegulapo ndimapezamo yachitatuyi. Wogulitsa amaika Professional Plus, kenako amaikamo kapulogalamu kachinyengo kodzionetsa ngati seva ya KMS, kuti Office izikhulupirira kuti ili pa kampani. Tsiku lina Windows Defender imakagwira kapulogalamuko n'kukachotsa, popeza imakaona ngati chida cha mbava. Inu simuona kusintha kulikonse tsiku limenelo. Masiku 180 aja akangokwana, mzere wofiira uja ndi uwo, ndipo posakhalitsa Word imangokulolani kuwerenga, osalemba. Mwanena kuti munagula chaka chatha ndipo vuto layamba mwezi wathawu. Nthawi zake zikugwirizana kwambiri ndi nkhani imeneyi.

Ngati zili choncho, Office yanu sinali yowonongeka. Inalibe mwini. Ndiye ngakhale kafayilo kaja kakanamaliza ntchito yake, mukanatsegula Word n'kupeza ikukufunsani imelo ndi pasiwedi ya akaunti yokhala ndi layisensi. Mukanafomata, mukanafikanso pa chitseko chomwechi, mutataya tsiku lathunthu ndi madirayivala a pulinta. Choncho muimbireni mwanayo mumufunse kuti fayiloyo anaitenga mu akaunti iti. Ngati ndi Microsoft 365 Family, imene imalola anthu okwana 6, akhoza kukuitanani kudzera pa imelo yanu n'kukhala ndi gawo lanulanu, zolongosoka. Ngati ndi akaunti ya ku koleji kwake, dziwani kuti ndi ya sukuluyo, ndipo akadzamaliza maphunziro n'kutsekeredwa, inunso mzere wofiira udzabwerera.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa wina awerenga izi Office yake isanachotsedwe. Tsegulani Word, pitani pa File kenako Account, muwerenge dzina la Office yanu ndi imelo imene yalembedwa pamenepo, mujambule ndi foni. Mphindi imodzi yokha. Safunsa anadya phula.

Nambala ija ya 30088-1015 ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi imeneyi. Microsoft imaiika m'gulu limodzi ndi 0-1011 ndi 0-1005, zimene zimabwera intaneti ikamadukaduka kapena malo akachepa mu hard disk. Chimene chimasocheretsa anthu n'chakuti OfficeSetup.exe si Office yeniyeniyo. Ndi kamthenga chabe, kolemera mamegabayiti ochepa, kamene ntchito yake ndi kukatenga katundu weniweni pa intaneti, magigabayiti angapo, n'kumaika uku akubwera. Njira imeneyi imatchedwa Click-to-Run, ndipo inafala kuyambira pa Office 2013. Imafuna intaneti yokhazikika. Pa hotspot ya foni ili pawindo, netiweki ikutsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G wina akangoimba, kamthengako kamatopa n'kugwetsa katundu panjira. Data yadyedwa, chimene chalowa palibe.

Mankhwala ake ndi kutenga Office yonse kamodzi, n'kudzaika intaneti itazimitsidwa. Amene ali ndi layisensi akalowa pa account.microsoft.com, pa gawo la zimene analipira, posankha zoika pamakhala mwayi wa Offline installer. Imabwera ngati fayilo imodzi yaikulu yothera ndi .img. Mukaidina kawiri, Windows imaitsegula ngati mwalowetsa DVD, ndipo mu foda ya Office mumapeza Setup32.exe ndi Setup64.exe. Fayilo imeneyi kaitengereni kumene kuli Wi-Fi yolimba, kaya ku ofesi ya mnzanu ku boma, kaya mwanayo aitenge kutauni n'kuitumiza pa fulashi. Mukaipeza isungeni, idzakuthandizaninso. Pomaliza pamafunikabe intaneti pang'ono yongolowera mu akaunti, koma imeneyo foni imakwanitsa.

Onaninso malo pa C, gawo la hard disk limene mumakhala Windows. Office imafuna 4 GB yopanda kanthu, koma musaime pa malire pomwepo, chifukwa poika imayamba yamwaza mafayilo osakhalitsa. Ngati kamzere ka C kafiira, samutsani kaye mavidiyo a ukwati aja. Ndipo laputopu ikhale ndi moto wokwanira. Mabatire a kaunjika timawadziwa, ena sapirira ngakhale mphindi 20, ndiye magetsi akathima kuika kuli pakati, mumatsala ndi Office ya theka imene sitseguka komanso sichotseka bwino.

Chinanso, yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya kumunsi kumanja. Ine chimenechi chinandidyera Loweruka lathunthu. Ndinali ndi laputopu yakale ya mlamu wanga, intaneti ili bwino, malo alipo, koma kuika kumangokanika. Ndinazimitsa antivirus, ndinasintha Wi-Fi, ndinafika potukwana makina osalakwa. Dzuwa litapendeka m'pamene maso anga anagwera pa koloko: laputopuyo inkati tili m'chaka china cha kalekale. Kabatire kakang'ono ka mkati, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga nthawi makina akazima, kanali katafa. Tsiku likalakwika chonchi, kompyuta imakana ziphaso za chitetezo za ma seva a Microsoft, ndiye kulumikizana kumalephereka. Nditakonza tsikulo, zonse zinayenda ngati palibe chinachitika.

Tibwere ku fulashi ya mnzanu. Uthenga wa 32-bit uja ukunena zoona, ndipo ndi wokoma mtima kuposa manambala aja, chifukwa umatchula mayina a mapulogalamu amene akutchinga njira. Office imabwera m'mitundu iwiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit, ndipo iwiriyi siikhala nyumba imodzi. Kuchotsa Office mu Control Panel kuli ngati kudula mtengo m'munda: thunthu lagwa, koma chitsa chatsala, ndipo khasu likafika pamenepo limabwerera. Zitsa zimene ndimakumana nazo kawirikawiri ndi Visio ndi Project, zimene ogulitsa amakonda kuwonjezera kuti laputopu ioneke yodzaza, komanso Access Database Engine, imene imalowa mwakachetechete pamodzi ndi mapulogalamu ena owerengera ndalama. Zimenezi zili ndi mizere yakeyake mu Programs and Features, ndiye munthu akachotsa mzere wolembedwa Microsoft Office amaganiza kuti wamaliza.

Palinso mkangano wina wofanana nawo. Office 2016 ya makampani, imene imayenda m'mafulashi ambiri, imaikidwa m'njira yakale yotchedwa MSI, pamene kafayilo ka mwana uja n'ka Click-to-Run. Ziwirizi zikakhala za m'badwo umodzi sizilolana. Ndiye taonani zimene zachitika mu laputopu yanu: muli chitsa cha Office yoyamba, muli zidutswa zimene Click-to-Run inasiya maulendo anayi aja, kenako mwabweretsa MSI pamwamba. Aliyense wolowa akupeza mnzake atakhala kale pampando.

Kuzula kwake n'kotere. Tsegulani Control Panel, Programs and Features, muwerenge mndandanda wonse modekha, muchotse chilichonse cha banja la Office: Office, Microsoft 365, Visio, Project, Access Database Engine, ndi zowonjezera za zilankhulo. Zolembedwa Microsoft Visual C++ musazikhudze, si za banja limeneli ndipo mapulogalamu ena amadalira zimenezo. Onaninso mu Settings, pa Apps, chifukwa Office yochokera mu Microsoft Store imaonekera kumeneko. Kenako gwiritsani ntchito chida cha Microsoft chochotsera Office ndi mizu yomwe. Kwa zaka zambiri chinkadziwika ndi dzina lakuti Support and Recovery Assistant, ndipo masiku ano ntchito imeneyi mumaipezanso mu pulogalamu ya Get Help ya mu Windows momwemo, mukalembamo kuti uninstall Office. Chikamaliza, pangani Restart ndithu, osati kungotseka chivindikiro. Mukayatsa, suzumirani mu C:\Program Files ndi mu C:\Program Files (x86), ndipo foda ya Microsoft Office ikakhala ikadalipo, ifufuteni. Za registry, kaundula wa mkati wa Windows, zisiyeni. Pa YouTube pali anyamata ambiri olangiza zofufuta m'menemo, koma dzanja likaterereka kamodzi, kufomata kumene tikukuthawaku kumakhala kokakamiza.

Zonsezi zikachitika koma kuika n'kumakanikabe, ndiye kuti mwina vuto lili mu Windows yeniyeniyo. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe sfc /scannow, muidikire mpaka 100%. Imafufuza mafayilo a Windows amene awonongeka n'kuwabwezeretsa. Laputopu imene inakhalamo kapulogalamu kachinyengo kaja ndi bwinonso kuipima yonse ndi Windows Defender, chifukwa timapulogalamu totere kawirikawiri sitibwera tokha.

Fulashi ya mnzanuyo, kunena mosabisa, ndingakonde mutangoibweza. Ikalowa idzafunanso kiyi, ndipo wina adzakuuzani kuti "bweretsani tiikemo kakuti", n'kuyambiranso kuwerenga masiku 180. Kuwonjezera apo, Microsoft inasiya kutulutsa zigamba za chitetezo za Office 2016 ndi Office 2019 pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwe chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatheranso. Pa makina olandira mafulashi a aphunzitsi a sukulu yonse, zimenezi si zozitenga mopepuka.

Koma mayeso sadikira layisensi, ndiye usiku uno chitani izi. Pitani pa libreoffice.org mutenge LibreOffice. Ndi yaulere mwalamulo, yosamalidwa ndi bungwe la The Document Foundation kuyambira 2010, ndipo kulemera kwake sikufika theka la gigabayiti, moti bandulo imodzi yapakati ikwanira. Imabwera yathunthu, siifunanso intaneti poika kapena polemba, ndipo sikangana ndi zitsa za Office. M'kati mwake muli Writer, imene imatsegula mafayilo anu a Word, ndi Calc, imene imatsegula a Excel. Posunga sankhani .docx ngati pepalalo likupita kwa a hedi kuti akaliunike, chifukwa payokha imasunga mu .odt. Sindikunamizani kuti zonse zimafanana ndendende: matebulo ovuta ndi masamu olembedwa ndi zizindikiro nthawi zina amasuntha fayilo ikatsegulidwa mu Word. N'chifukwa chake pepala lopita kokasindikiza muzilisandutsa PDF, batani lake lili pamwamba pomwepo, kuti funso 7 lisakapezeke litadumphira tsamba lina. Word ya pa intaneti nayo ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Microsoft, koma ndi netiweki imene mwafotokozayo sindingakulangizeni kutayipira mayeso m'menemo.

Mapepala akatuluka, mundilemberenso. Munditumizire chithunzi cha mndandanda wa mu Programs and Features musanachotse kanthu, ndi yankho la mwana wa achimwene anu lonena za akaunti ija. Pasiwedi yokha musanditumizire.