Za mapositikhadi osinthana aja munafunsa

Achemwali, funso lanu ndaliona, loti mumaona anthu akuonetsa mapositikhadi ochokera mmaiko akutali ndiye mukufuna kudziwa kuti amawapeza bwanji, komanso kuti phindu lake ndi chani poti zithunzi za mizinda yonse zili kale pa intaneti. Ndiyankha zonse ziwiri koma mundipirire ndilemba zambiri, nkhani imeneyi ili pamtima panga, ndakhala ndikutumiza ndi kulandira makhadi kwa zaka zingapo tsopano moti bokosi limene ndimasungiramo linadzaza kale mpaka ndinayamba lachiwiri.

Ambiri a ife timadzera pa webusayiti ya Postcrossing. Anaiyambitsa ndi Paulo Magalhães wa ku Portugal pa 14 July 2005, munthu amene ankangokonda kulandira makalata basi. Kulembetsa ndi ulele, ndalama yanu imangopita pa khadi ndi sitampa. Mukatsegula akaunti mumadina popempha adilesi ndiye kompyuta imakusankhirani munthu, dziko simusankha nokha ayi, mumangoona kuti lero mwapatsidwa wa ku Poland mawa wa ku Japan. Pamodzi ndi adilesiyo imakupatsani nambala imene imayamba ndi zilembo ziwiri za dziko limene khadi likuchokera, la ku Germany limayamba ndi DE, la ku Finland FI, choncho. Nambala imeneyi ndiye mutu wa zonse, muilembe pa khadipo mooneka bwino ndipo ine ndimalemba kawiri malo osiyana chifukwa chidindo cha ku positi ofesi pena chimagwera pomwepo nkuiphimba. Khadi likafika wolandirayo amalowetsa nambala ija pa webusayiti, zikatero adilesi yanu imaperekedwa kwa munthu wina woti akutumizireni. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, amene mwamutumizira uja si amene akubwezereni ayi, lanu lichokera kwa munthu wina dziko linanso ndipo simudziwa kuti ndi kuti mpaka tsiku limene mwaligwira mmanja.

Poyamba amakulolani makhadi 5 okha oyenda nthawi imodzi, nambalayi imakwera mukamatumiza ambiri. Khadi likatha masiku 60 osafika amakutsegulirani malo ake kuti mutumize lina, koma olo lifike mochedwa wolandirayo akhoza kulilowetsabe bola chisanathe chaka chathunthu chilitumizireni. Ndiye miyezi iwiri yoyambirira ija imawawa, mwatumiza koma kwa inu kuli zii, ambiri amasiyira pamenepo. Musasiye. Loyamba likangofika enawo amayamba kutsatana.

Tsopano za phindu zija, ndikuuzeni za khadi limodzi. Linachokera ku Dresden, ku Germany, kutsogolo kwake kuli tchalitchi chachikulu cha denga lozungulira, Frauenkirche. Chithunzi ngati chimenecho ndikanachiona pa foni ndikanangopitirira, matchalitchi okongola ndi ambiri. Koma kumbuyo mayi amene anatumiza analemba mizere itatu yokha, anati ndiyang'anitsitse khomalo ndiona miyala ina yakuda ili apo ndi apo pakati pa miyala yowala, anati yakudayo ndi yakale imene inatoledwa pa bwinja. Ndinatenga khadi lija kupita nalo pawindo, zoonadi madontho akuda ali mbwee pakhoma ponse. Usiku umenewo ndinawerenga mpaka mochedwa. Tchalitchichi chinagwa mu February 1945 ndege zankhondo zitaphulitsa mzindawo, ndipo mulu wa miyala uja unakhala pomwepo pakati pa mzinda zaka zoposa 45, nthawi yonse ya East Germany, anthu akudutsa pambali pake tsiku ndi tsiku. Germany itagwirizananso anayamba kutola miyala ija umodziumodzi, kuilemba manambala, nkuyesetsa kuti uliwonse wotheka ubwerere pamene unali, mpaka tchalitchi chinatsegulidwanso mu 2005. Mtanda wagolide umene uli pamwamba pake unasulidwa ku London ndi mmisiri amene bambo ake anali nawo mu ndege zimene zinaponya mabomba zija. Zonsezi zinalipo pa intaneti kalekale, eya, koma ine ndikanazifufuza bwanji osadziwa nkomwe kuti pali choti ndifufuze? Pa Google umalemba dzina limene ukulidziwa kale. Khadi limabwera ndi dzina limene sunalimvepo, ndi munthu wokhala komweko akukulozera kuti yang'ana apa.

Lina linachokera ku Lithuania, kaphiri kakang'ono kodzaza mitanda yokhayokha, yamitengo yazitsulo ikuluikulu ing'onoing'ono yopachikana, pafupi ndi mzinda wa Šiauliai. Mtsikana amene anatumiza anangoti agogo ake anakaikapo wawo usiku nthawi imene kunali koletsedwa. Boma la Soviet Union linagumula phiri limeneli ndi mathirakitala mu 1961 ndipo linabwerezanso kangapo pambuyo pake, anthu ankangobweranso mumdima nkudzalanso ina. Papa John Paul II anakafikako mu 1993. Ine Lithuania ndinkangoimva dzina, kuti ili mbali iti ya mapu sindinkadziwa, lero mutandidzutsa pakati pa usiku ndikulozerani, ndi Latvia ndi Estonia zomwe pamwamba pake.

Musamathamangire chithunzi chokha, sitampa nayonso imaphunzitsa. Mudzalandira khadi lolembedwa Suomi pa sitampa, ndiye Finland imeneyo mmene eni ake amaitchulira. Helvetia ndi Switzerland, Lietuva ndi Lithuania ija, Nippon ndi Japan, Éire ndi Ireland, Hrvatska ndi Croatia. La ku Britain mudzafufuza dzina la dziko osalipeza, pamangokhala mutu wa mfumu kapena mfumukazi, chifukwa iwowo ndi amene anayamba masitampa omata mu 1840 ndiye mpaka lero salembapo dzina. Chidindo chija muzichiwerenganso, chimakuuzani tsiku limene khadi linanyamuka, mukawerengetsa ndi tsiku limene lafika mumadziwa kuti layenda masiku angati, ena masabata awiri ena miyezi itatu, ndipo pena limafika lopindika pakona kapena lothimbirira, ine amenewa ndimawakonda chifukwa zimaoneka kuti ayendadi.

Ndisakunamizeni kuti mudzalandira kuchokera ku dziko lililonse mofanana. Mamembala ambiri ali ku Germany, America, Russia, Netherlands, Finland, China ndi Taiwan, ndiye makhadi anu ambiri azichokera kumeneko, ndipo malo otchuka amabwerezedwa. Tchalitchi cha ku Cologne, ku Germany, ndili nacho kangapo, china usiku china mchipale chofewa china chojambulidwa kuchokera tsidya la mtsinje wa Rhine. Poyamba zinkandikhumudwitsa koma kubwerezako ndi kumene kunandichititsa kufunsa kuti kodi anthuwa amachinyadira chani chonchi, nkupeza kuti anayamba kumanga mu 1248 nkudzamaliza mu 1880, zaka 632, ntchito inaima kwa zaka mazana chikwezera chamatabwa chili pamwamba pa nsanja yosamalizidwa mibadwo ikubadwa ndi kufa ikuchiona pomwepo. Nsanja zake ndi mamita 157. Chimodzimodzi Taipei 101, aliyense wa ku Taiwan amafuna akuonetseni, mamita 508, inali nyumba yayitali kuposa zonse padziko kuyambira 2004 mpaka Burj Khalifa ya ku Dubai itaipitirira, koma chimene chinandigwira mtima ndi chimpira chachitsulo cha matani 660 chimene anachipachika mkati chakumwamba kuti mphepo yamkuntho kapena chivomezi chikamagwedeza nyumbayo chizikokera mbali inayo. Anandiuza ndi mwana wasukulu kumbuyo kwa khadi, anachijambulanso ndi bolopeni.

Chimene chinasintha zinthu kwa ine ndi zimene ndinalemba pa pulofayilo, tsamba lija lofotokoza za ine pa webusayitiyo. Aliyense amene wapatsidwa adilesi yanu amawerenga pamenepo asanasankhe khadi. Anthu ena amalembapo mndandanda wautali wa zimene safuna, izi ayi izo ayi, zimenezo zimangomutopetsa wotumiza ndipo mwalamulo la webusayitiyo simungamukakamize munthu, mumangopempha. Ine ndinangolemba kuti ndimakonda khadi la mzinda kapena mudzi umene inuyo mukukhala olo ukhale waung'ono bwanji, ndipo mundiuze chinthu chimodzi chimene mlendo sangachidziwe. Kuyambira pamenepo kunayamba kubwera timatauni timene simungatione pa TV, misika, masiteshoni a sitima, nsanja zounikira zombo mmbali mwa nyanja. Wina wa ku Netherlands ananditumizira Kinderdijk, makina amphepo 19 aja omangidwa cha mma 1740, nkulemba kuti alendo amaganiza kuti ndi zigayo pomwe ntchito yake inali kupopa madzi kuchotsa mminda poti dera lonselo ndi lotsika kuposa nyanja. Chiganizo chimodzi chimenecho chinandimasulira dziko lonse la Netherlands.

Makhadi akachuluka mudzapeza nokha kuti mtima wanu ukukokera kuti. Ena amatolera malo okhaokha amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ena mapu, ena makhadi a Gotochi a ku Japan odulidwa mmaonekedwe a chinthu chotchuka cha chigawo chilichonse mwa zigawo 47 za dzikolo. Ine zinandigwera ndi milatho, kaya chifukwa chani. Ndili ndi Charles Bridge wa ku Prague amene anayamba kumangidwa mu 1357, ndili ndi Stari Most wa ku Mostar ku Bosnia, womangidwa mu 1566, anaugwetsa pankhondo mu 1993 nkuumanganso mpaka kutsegulidwa mu 2004, anyamata akumeneko amadumphira mu mtsinje wa Neretva kuchokera pamwamba pake. Ofuna zapadera chonchi timapanga zosinthana mwachindunji, mumagwirizana awiri kuti ine ndikutumizira ichi iwe unditumizire icho, pa pulofayilo pali poonetsa ngati mumalola zimenezo. Apa pokha samalani, webusayiti siilowererapo, wina akhoza kulandira lanu osabweza, ndiye yambani ndi khadi limodzi osati khumi, ndipo amene wayamba nkhani za ndalama kapena kufunsa zambiri za moyo wanu musiyeni pomwepo. Adilesi yanu pa webusayiti imaonedwa ndi yekhayo amene wasankhidwa kukutumizirani, komabe ngati muli ndi bokosi ku positi ofesi gwiritsani ntchito limenelo.

Mbali yanu yotumiza musaipeputse. Munthu amene wapatsidwa kwa inu nayenso akudikira ngati mmene mukudikira inuyo, ndipo ngati muli mdziko limene mamembala ake ndi ochepa dziwani kuti khadi lanu kwa iye ndi chuma, ena akhala zaka akulidikira. Musangolemba moni nkusaina, lembani tsiku, mmene kunja kwachera, chimene chili pa chithunzicho ndi chifukwa chake mwachisankha, mizere inayi yakwana. Ambiri timalemberana mu Chingerezi chosavuta, palibe amene amakuwerengerani zolakwa, enawonso si chilankhulo chawo. Adilesi ikopereni ndendende mmene yalembedwera, dzina la dziko mmunsi mwa zilembo zikuluzikulu, ndipo funsani pa kauntala kuti sitampa yokwanira dziko limenelo ndi iti musanaponye. Za ku China kapena Russia ine ndimapulinta adilesi ya mzilembo zawo nkumata, imafika msanga kusiyana ndi yolemba pamanja. Khadi limatumizidwa lamaliseche choncho popanda envulopu pokhapokha mwini wake atapempha.

Kasungidwe nkosavuta, muwaimike chilili mu bokosi louma, kutali ndi dzuwa chifukwa mitundu imafwifwa, osawamanga ndi labala, ndipo chonde osawamata ndi guluu mu buku chifukwa mukatero mwakwirira kumbuyo kumene kuli nkhani yonse. Ine ndinapachikanso mapu a dziko lonse pakhoma, khadi likafika ndisanaliike mu bokosi ndimayamba ndapeza malo ake nkuikapo kadontho, ana a mnyumba muno ndi amene amalimbirana ntchito imeneyi tsopano ndipo wamng'ono amadziwa kumene kuli Tallinn, likulu la Estonia.

Mukafuna tsiku loyambira, 1 October ndi World Postcard Day, pokumbukira kuti positikhadi loyamba linatuluka ku Austria-Hungary pa 1 October 1869, linalibe ndi chithunzi chomwe, kapepala kolimba chabe ka sitampa yosindikiziratu. Koma musachite kudikira mpaka October, tsegulani akaunti, pemphani adilesi imodzi kaye muone mmene ziyendere. Ineyo limene ndikulidikirabe ndi la ku Port Lockroy ku Antarctica, kuli kapositi ofesi kakang'ono pa kachilumba kodzaza ma penguin kamene kamatsegulidwa miyezi yochepa pachaka nyengo yotentha ya kumeneko, makhadi ake amayamba ayenda pa chombo mpaka ku Falkland Islands kenako ku Britain asanabalalike kupita kwa eni ake. Pa mapu anga mmunsi monsemo mulibe kadontho ngakhale kamodzi. Lanu loyamba likadzafika mudzatijambulire mbali zonse ziwiri, adilesi yokha mudzaiphimbe ndi chala.