Apongozi, rosemary ndi mapiritsi a BP

Mayi wina wa ku Kapata kuno ku Chipata wandilembera imelo. Akuti apongozi awo ayamba kuwiritsa masamba a rosemary m'mawa uliwonse atamva kuti amatsuka magazi, ndipo tsopano akufuna kusiya mapiritsi a BP. Akufunsa ngati tsambali lilidi mankhwala.

Mayi, mankhwala ndiye alimo, koma si a BP.

Rosemary kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Akatswiri ankaitcha Rosmarinus officinalis, koma kuyambira 2017 ambiri amati Salvia rosmarinus. Mukafikisa tsamba lake ndi zala n'kununkhiza, mumva kafungo ka bulugamu pang'ono, ka Vicks pang'ono. Mphuno sikunama: m'mafuta ake muli cineole, yemweyo wa m'bulugamu, komanso camphor, yemweyo wa mu Vicks. Mulinso rosmarinic acid ndi carnosic acid, ndipo ku Ulaya amathira zotengedwa m'tsambali m'zakudya kuti mafuta asawonongeke msanga, ndipo pa paketi amalemba nambala E392.

Nanga m'thupi? Bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency limavomereza tsambali pa zinthu zochepa, potengera kuti anthu aligwiritsa ntchito kwa zaka zambiri: kudzimbidwa, kupotokola pang'ono m'mimba, ndi kuthira m'madzi osamba minofu ndi mfundo zikamaphwanya. BP ndi shuga palibe pamndandandawo. Muyezo wa tiyi wa rosemary ndi magalamu 1 mpaka 2 a masamba ouma, pafupifupi kasupuni kamodzi, m'kapu ya madzi owira, kawiri kapena katatu patsiku. Vundikirani kapuyo, chifukwa mafutawo amathawa ndi nthunzi. Kuwiritsa mumphika wosavundikira mpaka madzi ade, monga timachitira ndi mizu, kumathawitsa mafutawo n'kununkhiritsa khitchini.

Mafuta a rosemary ogulitsidwa m'timabotolo asamwedwe ndi pang'ono pomwe. Camphor akachuluka amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Amayi oyembekezera, ndi odwala chiwindi kapena ndulu, tiyi ameneyu amupewe. Kuwaza pa nkhuku kapena pa mbatata zilibe kanthu, ine ndimatero.

Kutsutsa apongozi pamaso n'kovuta, ndikudziwa. BP imakwera mwakachetechete, munthu akumva bwinobwino, mpaka tsiku limene sitiroko yamugwetsa. N'chifukwa chake iwo akuona ngati tsambalo likugwira. Musawalande kapu yawo. Tumani amuna anu awaperekeze tsiku lokatenga mapiritsi, anyamule katsamba kamodzi, akaonetse anesi asanawayeze.